Zitseko za mtima: kodi matenda ake ndi a ku mtundu?

LUSAKA – Mwana wa sukulu akayamba kupuma movutikira, kutupa mapazi ndi kulephera kuthamanga pamodzi ndi anzake, ndipo madotolo n'kupeza kuti valavu ya mtima wake yaonongeka, funso loyamba la makolo limakhala la kumene matendawo acokera. Ena amaloza ku mtundu wa atate, ena ku mtundu wa amai, pamene ena amaganizira za ufiti.

Sayansi ili ndi yankho pa funso limeneli, ndipo yankholo lili pawiri. Ndi zoona kuti mavalavu a mtima amapangidwa motsatira malangizo amene munthu amalandira kwa makolo ake, ndipo malangizowo akaphonyeka mwana amabadwa ndi valavu yolakwika. Koma m'makomboni odzaza anthu monga Kanyama, cimene cimaononga kwambiri mavalavu a ana ndi acinyamata amene anabadwa ndi mtima wabwino ndi zilonda za pakhosi zimene sizinacizidwe.

Zitseko zinai

Mtima wa munthu uli ndi zipinda zinai, ziwiri pamwamba ndi ziwiri pansi. Mbali ya kumanja imalandira magazi obwera kucokera m'thupi ndi kuwatumiza ku mapapo kuti akatenge mpweya wabwino. Mbali ya kumanzere imalandira magaziwo kucokera ku mapapo ndi kuwapopera m'thupi lonse.

Kuti magazi asabwerere kumene acokera, mtima uli ndi zitseko zinai zimene madotolo amazicha mavalavu. Zimagwira nchito monga valavu ya tayala la njinga, imene imalola mpweya kulowa koma osatuluka. Maina ake ndi mitral ndi aortic kumanzere, ndiponso tricuspid ndi pulmonary kumanja. Valavu iliyonse ili ndi timapiko topyapyala koma tolimba. Ya mitral ili ndi tiwiri, zinazo zili ndi titatu.

Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo pa kugunda kulikonse timapikoti timatseguka ndi kutsekeka. Valavu imalephera m'njira ziwiri. Itha kuuma ndi kucepa kotero kuti magazi amadutsa movutikira, kapena itha kulephera kutsekeka bwino kotero kuti magazi ena amabwerera m'mbuyo. M'njira zonse ziwiri mtima umakakamizika kugwira nchito yoposa mphamvu zake. Umakula, umatopa, ndipo potsiriza madzi amayamba kudzaza m'mapapo, m'mimba ndi m'miyendo.

Mmene zimapangidwira m'mimba mwa amai

Thupi limapangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri tochedwa maselo, ndipo m'kati mwa selo muli malangizo olembedwa mu DNA. Cigawo cimodzi ca malangizowo cimachedwa jini. Liwuli ndi la sayansi, ndipo silikhudzana ndi majini a mizimu amene anthu amasimba. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000, osungidwa m'timitolo 46 tochedwa makromozomu. Theka la timitoloti limacokera kwa atate, theka kwa amai.

Selo la mu mtima ndi selo la m'fupa ali ndi malangizo ofanana ndendende. Kusiyana kwake kuli pa majini amene atsegulidwa ndi amene atsekedwa. Zili monga pomanga nyumba: pulani ndi imodzi, koma kapitao ndiye amauza omanga nthawi yokumba maziko, nthawi yoika njerwa ndi nthawi yoleka. Pali majini ena amene nchito yao ndi ya ukapitao woterewu, yolamulira majini anzao.

Mtima ndi ciwalo coyamba kugwira nchito. Umayamba ngati kapaipi kowongoka, ndipo umayamba kugunda patapita masiku pafupifupi 22 mimba itakhala, nthawi imene amai ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Kenaka kapaipiko kamapindika, ndipo m'malo mmene mudzakhale mavalavu mumatupa timitsamiro tofewa.

Apa ndipo pamacitika cinthu codabwitsa. Minofu ya mtima imatulutsa mauthenga, ena mwa iwo ochedwa BMP ndi TGF-beta, opita ku maselo amene ayalidwa m'kati mwa mtima ngati matailosi. Maselo ena, atalandira uthengawo pamodzi ndi wina wochedwa NOTCH, amasiya anzao, amasintha maonekedwe, ndi kulowa m'timitsamiro muja. Mmenemo amaculukana ndi kuyamba kuluka ulusi wolimba ndi wotanuka. Pambuyo pake majini ena amalamula kuti kuculukanako kuleke, ndipo timitsamiro tija timasemedwa mpaka kukhala timapiko topyapyala.

Pofika kumapeto kwa mwezi waciwiri wa mimba, maziko a mavalavu onse anai amakhala atayalidwa, ngakhale kuti kukhwima kwake kumapitirira mpaka mwana atabadwa. Lamulo limodzi likabwera mocedwa, kapena likamveka mopitirira muyeso, timapiko titha kumatirirana, kukhala tocindikala, kapena kucepa ciwerengero.

Malangizo akaphonyeka

Pa ana 100 alionse obadwa padziko lapansi, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi cilema ca mtima. Palinso cilema cina cofala cimene kawirikawiri sicidziwika paubwana: valavu ya aortic yokhala ndi timapiko tiwiri m'malo mwa titatu. Cimapezeka mwa munthu mmodzi kapena awiri pa 100 alionse, makamaka amuna. Ambiri amakula bwinobwino, koma valavu yotere imauma msanga munthu akafika zaka za pakati.

Mu 2005, akatswiri Vidu Garg ndi Deepak Srivastava, pamodzi ndi anzao ku Dallas m'dziko la America, anafufuza banja lina limene anthu ake a mibadwo ingapo anali ndi matenda a valavu ya aortic. Anapeza kuti odwalawo anali ndi jini yochedwa NOTCH1 yoonongeka. Anapezanso kuti jini yomweyi ili ndi nchito yaciwiri: imatsekereza malangizo opangira fupa kuti asatseguke m'maselo a valavu. Ikafooka, valavu imayamba kuunjika mwala wa kashiamu ndi kuuma ngati fupa. Motero jini imene imamanga valavu m'mimba ndi yomweyo imene imaiteteza munthu atakula.

Komabe NOTCH1 imafotokoza gawo locepa cabe la odwala otere. Mwa anthu ambiri cilemaci cimabwera cifukwa ca majini angapo ogwirira pamodzi. N'cifukwa cake madotolo amalangiza kuti makolo, abale a mimba imodzi ndi ana a munthu amene wapezeka naco apimidwe mtima.

Pali matenda ena amene njira yake ya ku mtundu imaonekera poyera. Matenda a Marfan amabwera cifukwa ca jini yochedwa FBN1, imene inadziwika mu 1991. Jini imeneyi imapanga ulusi wolimbitsa minyewa, ndipo ikaonongeka munthu amakhala wamtali kwambiri, wa zala zazitali, ndipo valavu ya mitral ndi mtsempha waukulu wa aorta zimakhala zofooka. Kholo limodzi likakhala ndi matendawa, mwana aliyense ali ndi mwai wa theka wotengera. Matenda ena ochedwa Noonan amacepetsa valavu ya pulmonary.

Ana obadwa ndi Down syndrome ali ndi kromozomu ya nambala 21 yoonjezera, ndipo pafupifupi theka la iwo amakhala ndi cilema ca mtima, kawirikawiri pakati penipeni pamene timitsamiro tija tinayenera kukumana. Kromozomu yoonjezerayo nthawi zambiri siicokera ku mtundu wa atate kapena wa amai, imangocitika pamene mimba ikukhala. Mwana aliyense wotere ayenera kupimidwa mtima akadali wakhanda.

Malangizo abwino athanso kusokonezedwa ndi zinthu zakunja. Matenda a rubella, amene amafanana ndi cikuku, akagwira mai m'miyezi yoyamba ya mimba amaononga mtima wa mwana. Zambia inayamba kupereka katemera wophatikiza cikuku ndi rubella mu 2016. Matenda a shuga osasamalidwa, mowa ndi mankhwala ena omwedwa popanda uphungu wa dotolo nazonso zimaonjezera ngozi. Koma mwa ana ambiri obadwa ndi cilema ca mtima palibe cimene mai kapena tate analakwitsa.

Mdani wolowera pakhosi

Dera la Kanyama linapezeka ndi anthu opitirira theka la miliyoni pa kalembera wa 2022. Mabanja ambiri amagona m'cipinda cimodzi kapena ziwiri, nyumba zili mothithikana, ndipo makalasi a sukulu ndi odzaza. M'malo otere mabakiteriya ochedwa Streptococcus a gulu A amayenda mosavuta kucokera kwa mwana wina kupita kwa mnzake kudzera m'kutsokomola, m'kuyetsemula ndi m'zilonda za pakhungu. Zimenezi zili cimodzimodzi ku Chawama, Matero, George, Mtendere ndi Kalingalinga.

Mabakiteriyawa amayambitsa zilonda za pakhosi ndi kutentha thupi, makamaka mwa ana a zaka 5 mpaka 15. Pakhosi pamapola pokha patapita masiku ocepa, ndipo apa ndiye pali msampha. Kholo limene lagula mankhwala oletsa kuwawa pa kantemba, kapena lapatsa mwana madzi a mcere osukusira pakhosi, limaona ngati nkhani yatha.

Mwa ana ena, patapita masabata awiri kapena atatu, asilikali a m'thupi amene anadzuka kukamenyana ndi mabakiteriya amasokonezeka. Zigawo zina za pa khungu la mabakiteriyawa zimafanana ndi zigawo za minyewa ya mtima ndi ya m'mfundo za mafupa, kotero asilikaliwo amayamba kumenya thupi lao lomwe. Matenda amenewa amachedwa rheumatic fever. Mwana amatentha thupi, mawondo ndi akakolo amatupa ndi kuwawa, ndipo ululuwo umasamuka kucokera pa mfundo ina kupita pa ina. Ana ena amayamba kugwedezeka manja ndi nkhope mosadziletsa, kulemba mokhotakhota ndi kugwetsa zinthu, cizindikiro cimene anthu ambiri amacitenga ngati kulodzedwa.

Mfundo za mafupa zimacira, koma valavu imatsala ndi zipsera. Mwana akadwalanso pakhosi, nkhondoyo imayambiranso, ndipo zipsera zimaonjezereka mpaka valavu, makamaka ya mitral, imapindika kapena kumatirirana. Pamenepo amakhala ndi matenda a mtima a rheumatic. Padziko lonse anthu opitirira mamiliyoni 40 ali ndi matendawa, ndipo opitirira 300,000 amafa nao caka ciliconse.

Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018, wotsogozedwa ndi Dr John Musuku wa ku University Teaching Hospital, anapima ana a sukulu 1,102 a mu Lusaka ndi makina ounikira mtima ochedwa echo. Anapeza zizindikiro za matendawa mwa ana pafupifupi 12 pa 1,000 alionse. Ambiri mwa iwo anali ndi zizindikiro zoyambirira cabe, zimene sizimveka m'thupi. Kafukufukuyu anali mbali ya nchito yochedwa BeatRHD Zambia.

Kumene matendawa amafikitsa munthu kunaonetsedwa ndi kafukufuku wina wochedwa REMEDY, amene anatsatira odwala 3,343 m'maiko 12 a mu Africa, kuphatikizapo Zambia, ndiponso ku India ndi Yemen. Theka la odwalawo anali a zaka 28 kapena kucepera pamenepo, ndipo awiri mwa atatu alionse anali akazi. Patapita zaka ziwiri zokha, pafupifupi 17 pa 100 alionse anali atamwalira.

Cibadwa cili ndi mbali yake

Pali funso limene lakhala likuzunguza akatswiri kwa nthawi yaitali. Ana a nyumba imodzi amagona pa mphasa imodzi ndi kudwala pakhosi nthawi imodzi, koma mmodzi yekha ndiye amaonongeka mtima. N'cifukwa ciani?

Umboni woyamba unacokera kwa mapasa. Mu 2011, akatswiri a pa University of Cape Town anasonkhanitsa zofufuza zakale zokhudza mapasa ndi rheumatic fever. Pakati pa mapasa ofanana ndendende, amene ali ndi majini amodzi, mmodzi akadwala mnzake anadwalanso pa 44 mwa 100 alionse. Pakati pa mapasa osafanana ciwerengeroco cinali 12 mwa 100. Kusiyana kumeneku kukusonyeza kuti cibadwa cili ndi mphamvu. Koma ciwerengero ca 44 cikusonyezanso kuti oposa theka la mapasa ofananawo sanadwale, ngakhale anali ndi majini omwewo.

Mu 2017, kafukufuku wa ku zisumbu za Pacific monga Fiji ndi New Caledonia, ndi wina wa pakati pa eni dziko a ku Australia, analoza ku majini amene amalamulira citetezo ca m'thupi. Majini amenewa sali m'gulu la omanga valavu. Nchito yao ndi kuphunzitsa asilikali a m'thupi kusiyanitsa mdani ndi mwini nyumba.

Mu 2021 kunafalitsidwa zotsatira za kafukufuku wochedwa RHDGen, amene anapima DNA ya anthu pafupifupi 4,800 a m'maiko 8 a mu Africa: Zambia, Mozambique, Namibia, South Africa, Kenya, Uganda, Nigeria ndi Sudan. Nchito imeneyi inayambidwa ndi malemu Pulofesa Bongani Mayosi wa ku Cape Town. Ofufuzawo anapeza malo ena pa kromozomu ya nambala 11 amene amaonjezera ngozi ya matendawa mwa anthu akuda a mu Africa, malo amene sanaonekere m'kafukufuku wa maiko ena. Izi zinasonyeza kufunika kofufuza majini a anthu a kuno kwathu, m'malo modalira zopezeka kwina.

Tanthauzo la zonsezi ndi lakuti munthu satengera matenda a mtima a rheumatic kwa makolo ake monga amatengera matenda a Marfan kapena a sickle cell. Cimene angatengere ndi citetezo ca m'thupi cosacedwa kusokonezeka. Popanda mabakiteriya a pakhosi, cibadwa cimeneco sicimuvulaza konse.

Cibadwa si cigamulo

Zaka 100 zapitazo rheumatic fever inali kupha ana ambiri ku London, New York ndi mizinda ina ya maiko olemera, ndipo zipatala zinali ndi mawodi athunthu a ana otere. Lero matendawa ndi osowa kumeneko. Majini a anthu a kumeneko sanasinthe. Cimene cinasintha ndi nyumba, kucepa kwa kuthithikana, ndi kubwera kwa penisilini. Maiko a Cuba ndi Costa Rica nao anacepetsa kwambiri matendawa pociza zilonda za pakhosi m'zipatala zazing'ono za m'madera.

Mwana amene ali ndi zilonda za pakhosi ndi kutentha thupi, makamaka popanda cimfine kapena cifuwa, ayenera kuonedwa ndi wa zaumoyo. Ngati ndi mabakiteriya amenewa, mankhwala ake ndi jekeseni imodzi ya benzathine penisilini, kapena mapiritsi akumwa masiku 10 osalekeza panjira ngakhale pakhosi patapola. Thandizo lotere limayambira pa kiliniki ya m'dera kapena pa cipatala ca Kanyama, ndipo amene akufunika kupimidwa ndi echo amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga University Teaching Hospital ndi National Heart Hospital.

Kwa mwana amene wadwalapo kale rheumatic fever, citetezo cake ndi jekeseni ya penisilini pa masabata atatu kapena anai alionse, kwa zaka zambiri, ndipo kwa ena moyo wonse. Jekeseniyo imawawa, ndipo acinyamata ambiri amaleka akaona kuti ali bwino. Koma phindu lake linaonekera ku Uganda m'kafukufuku wofalitsidwa mu 2021. Pakati pa ana amene anali ndi zizindikiro zoyambirira, matenda anakula mwa 8 pa 100 alionse amene sanali kulandira jekeseni m'zaka ziwiri, pamene mwa olandira jekeseni anakula mwa osakwana mmodzi pa 100.

Amai ali pa ngozi yapadera. Pa nthawi ya pakati magazi a m'thupi amaonjezereka ndi pafupifupi theka, ndipo valavu yocepa imalephera kuwadutsitsa. Atsikana ambiri amadziwa koyamba kuti ali ndi matendawa pa mimba yao yoyamba. Mai wapakati amene akulephera kupuma akagona cagada, kapena amene akutsokomola magazi, ayenera kufulumira kucipatala, ndipo amene akudziwa kale za vuto la valavu ayenera kukambirana ndi dotolo asanatenge pakati.

Valavu ikaonongeka kotheratu, cotsala ndi opaleshoni yoikonza kapena yoikapo ina. Valavu yacitsulo imakhalitsa, koma mwini wake amamwa mankhwala ocepetsa kuundana kwa magazi ochedwa warfarin moyo wake wonse, ndi kupimitsa magazi kawirikawiri. Mankhwalawa atha kuvulaza mwana wosabadwa. Valavu yopangidwa ndi minyewa ya nyama siifuna zimenezi, koma imatha msanga mwa acinyamata. Opaleshoni imodzi imadya ndalama zimene zikanagula penisilini wa ana ambirimbiri.

Zambia ili ndi mbiri pa nkhondo imeneyi. Mu 2014 akatswiri a mtima a mu Africa anakumana ku Livingstone ndi kutulutsa cikalata cochedwa Mosi-o-Tunya Call to Action, copempha maboma kuti athetse matendawa. Mu 2018 msonkhano waukulu wa bungwe la World Health Organization unagwirizana za kulimbana nao padziko lonse, ndipo mu 2024 bungweli linatulutsa malangizo a kapewedwe ndi kapimidwe kake. Katemera wa mabakiteriyawa akali kufufuzidwa.

Motero banja limene mwana wake wapezeka ndi valavu yoonongeka liyenera kufunsa dotolo ngati ndi cilema cobadwa naco kapena ndi zipsera za rheumatic fever. Ngati ndi cobadwa naco, dotolo adzanena ngati abale ena ayenera kupimidwa. Ngati ndi zipsera, abale ake a mwanayo, amene ali ndi magazi amodzi ndipo amagona cipinda cimodzi, ndiwo oyamba kuthamangira nao kucipatala tsiku limene adandaula pakhosi.